Anulani

Mumsewu umene amakhala mayi Thovu, anthu ambiri salabadira zanyengo za pa kanema. Nkhani zikangotha, mapu aja n'kuonekera, wina amadzuka kukateleka madzi a tiyi, wina amasintha tchanelo, wina amangoti abodza aja abwera. Mungathe kunena zimenezo pagolosale kapena podikira basi, anthu adzakuvomerezani. Koma mukafika pabwalo pa mayi Thovu, pamene pamakhala zingwe zodzaza ndi zovala za eni, muzisamala pakamwa. Mayiwa sakonda mikangano, komatu pa nkhani iyi yokha angathe kukubwezerani malaya anu osachapa.

Dzina la Thovu linabwera ndi ntchito. Amachapa ndi kusita zovala za anthu, ndipo akhala akutero kuyambira ana awo ali kumsana. Kuseri kwa nyumba yawo kuli kabwalo ka simenti, mpopi, mabeseni akuluakulu, ndi mwala wochapira umene unasalala chifukwa cha mathalauza a anthu. Mukawapeza m'mawa, mikono imakhala yoyera ndi thovu mpaka m'zigongono. Nyumba zonse za mumsewumo amazidziwira m'makolala ndi m'matumba: amene wayamba kunenepa, amene wabwerera ku mowa, amene akudikira mwana. Koma sanena kwa munthu, ndipo n'chifukwa chake anthu amawabweretserabe zovala.

Amuna awo amadziwika kuti a Pamwamba. Anali mmisiri wokhoma madenga, ndipo aliyense wobwera kudzawafuna ana ankamuyankha chimodzimodzi, kuti abambo ali pamwamba, mpaka yankho linasanduka dzina. Anali munthu wa mawu ochepa kwambiri. Anzawo ankati n'chifukwa cha misomali, poti munthu amene amaswera ataluma misomali amaphunzira kusatsegula pakamwa pachabe.

Mawu oyamba amene anauza mkazi wawo sanali a chikondi ayi. Nthawi imeneyo mayi Thovu anali mtsikana wogwira ntchito m'nyumba ya anthu, ndipo mnyamata wina ankakhoma malata pa nyumba yoyandikana nayo. Tsiku lina atangomaliza kuyanika zovala za abwana, anamva mawu kuchokera padenga paja.

"Achemwali, anulani."

Anayang'ana kumwamba, dzuwa likuswa mtengo. Anaganiza kuti ndi kachenjerera ka anyamata kofuna poyambira nkhani, ndiye anangotsonya n'kulowa m'nyumba. Sipanapite nthawi, mvula inagwa ya mphepo, chingwe chinaduka, malaya oyera a abwana n'kugona m'matope. M'mawa mwake mnyamata uja anadutsa pageti, n'kungomwetulira. Mayi Thovu amati palibe chinthu chinawapsetsapo mtima ngati kumwetulira kumeneko, ndipo anapitiriza kupsa mtima mpaka anakwatiwa naye.

Kuyambira pamenepo m'banja mwawo munali kachizolowezi kamene ana anakula akukaseka. M'mawa uliwonse a Pamwamba ankaima pakhomo lakuseri, kapu ya tiyi m'manja, n'kuyang'ana kumwamba mbali zonse, mphuno ikununkhiza mphepo. Mkazi wawo ankaima pambuyo pawo, beseni lili m'chiuno, kudikira. Kenaka pankatuluka liwu limodzi: yanikani, kapena musayanike. Masana, kukayamba kuda kumene iwo anali, ankatumiza uthenga kapena kuimba foni, ndipo uthengawo unalinso liwu limodzi lija, anulani. Akazi ena amauzidwa kuti ndiwe duwa, ndiwe nyenyezi. Mayi Thovu anauzidwa za zovala moyo wawo wonse, ndipo sanadandaulepo, chifukwa ankamva zonse zimene zinali m'kati mwa liwu limenelo.

Tinene zoona, a Pamwamba sankalondola masiku onse. Akaphonya ankanamizira mphepo kuti yatembenuka. Koma za pa kanema ankazinyoza poyera. Akazipeza kwa anzawo ankapukusa mutu, n'kufunsa kuti munthu amene ali m'chipinda chopanda zenera, atavala jekete, angadziwe bwanji za kumwamba. Kwawo kanema kunalibe, ndipo sankaona chosowa.

Tsoka silinunkha. Munthu amene anayenda pa madenga otsetsereka zaka zonsezo osaterereka, anagwera pansi m'chipinda chake chogona akumanga zingwe za nsapato. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa panapindikira kumbali, ndipo mawu anathawa onse. Powatulutsa, namwino wina anakokera mayi Thovu pambali n'kuwauza kuti mwendo ukhoza kuwongokerako, koma za mawu palibe angalonjeze. Anati aziwalankhulitsa tsiku ndi tsiku, kubwereza mawu omwewo osatopa, mwina lilime lingakumbukire njira.

Mayi Thovu anachita monga anauzidwa. Ankakhala patsogolo pa amuna awo, n'kunyamula kapu, n'kunena pang'onopang'ono kuti kapu. Ankanyamula supuni n'kunena kuti supuni. A Pamwamba ankayesa, khosi likututumuka, koma chimene chinkatuluka chinali kubuula kopanda mutu, ndipo malovu ankatsikira pachibwano. Tsiku lina mkazi wawo, pofuna kuwalimbikitsa, anawomba m'manja n'kunena kuti mwakhoza, monga timachitira ndi mwana amene wayamba kuima. Bambo aja anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenuzira nkhope kukhoma. Kuchokera tsiku limenelo sanayesenso. Akaona kapu ikubwera m'mwamba ankatseka maso.

M'nyumba munangoti zii. Mayi Thovu ankawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwakhazika pampando wa pabalaza, n'kutuluka kukachapa. Ntchito yosamala wodwala sinawalemere, poti manja awo anazolowera zolemera. Chimene chinkawadya mumtima chinali m'mawa. Ankapezeka ataima pakhomo lakuseri ndi beseni m'chiuno, akudikira liwu limene silinkabwera. Ankaopa, ndipo mantha ake anali amodzi okha: kuti adzaika amuna awo m'manda asanawamvenso akulankhula.

Kanema anabwera ndi mzime wawo, mtsikana woluka tsitsi ku saluni, amene aliyense amangomutchula kuti Mzime ngakhale tsopano ndi mayi wa pakhomo pake. Anati abambo asamangoyang'ana khoma, ndiye anaika kanemayo patebulo, n'kuwaika limoti m'dzanja lamanzere. Ankaganiza kuti azionera mpira. A Pamwamba anayendayenda m'matchanelo masiku angapo, kenaka anaima pa tchanelo cha nkhani, ndipo sanasunthenso.

Tchanelo chimenecho chinkaonetsa zanyengo nkhani zikatha, ndipo nkhani zinkabwera pafupipafupi. M'mawa zanyengo, dzuwa likakwera zanyengo, masana, madzulo, zanyengo zokhazokha. Nthawi zambiri ankabwera ndi mayi mmodzi yemweyo, wamtali, wa mpata kumano, wolankhula mosathamanga, dzanja likuyenda pa mapu. Mawu akenso anali omwewo: mitambo, mphepo, kutentha, mvula ya apo ndi apo. Nkhani za ndale zikamapita a Pamwamba ankasinza, koma kanyimbo ka zanyengo kakangolira ankadzidzimuka, n'kukweza mawu a kanemayo, maso ali tong'o. Mzime akayesa kusintha kuti aone filimu, bambo ake ankabisa limoti kunsi kwa ntchafu.

Mayi Thovu anayamba kumutchula mayi wa pa kanemayo kuti mkazi mnzanga. Poyamba zinali nthabwala. Ankauza a Telala, amene amasoka pakhonde kuseri kwa mpanda wawo, kuti amuna awo akwatira wachiwiri ali pampando, ndipo wamng'onoyo amabwera kudzaonekera kangapo pa tsiku atasintha diresi. A Telala ankaseka mpaka kusiya kupalasa makina. Koma nthabwala zina zimakhala ndi munga m'kati. Bambo amene ankatseka maso mkazi wawo akamalankhula, ankatsegula maso onse kwa mlendo wa m'bokosi, ndipo mayi Thovu zinkawawawa.

Chinanso, mkazi mnzawoyo anali wosadalirika. Popeza panalibenso wowauza za kumwamba, mayi Thovu anayesa kumumvera. Tsiku lina anati kukhala kouma, iwo n'kuyanika makatani a munthu, mvula n'kuwapeza ali kumsika. Tsiku lina anati kugwa mvula yambiri, iwo osachapa, dzuwa n'kuswera tsiku lonse likuwaseka. Mwini wa resitihausi ya kumapeto kwa msewu, amene ankawapatsa mabedishiti ndi matawulo sabata iliyonse, anayamba kudandaula kuti katundu wake akuchedwa. Ndipo mawu akuti apo ndi apo ankawanyansa koposa. Ankafunsa a Telala kuti apo pake ndi pati, poti munthu wochapa safuna kudziwa za apo, amafuna kudziwa za pano. Ankati ngakhale iwo angathe kuvala diresi labwino n'kumauza dziko kuti mvula igwa penapake.

Tsiku lina mtima unadzaza. Anali atawaphikira phala, atawabweretsera, n'kuwafunsa ngati lazizira bwino, koma a Pamwamba anangowakankhira pambali ndi dzanja chifukwa anatchinga mapu. Mayi Thovu anaika mbale patebulo mwamphamvu, anatuluka, n'kuimbira Mzime kuti Loweruka abwere adzatenge chinthu chake. Anati anabweretsa kanema kuti asangalatse wodwala, osati kuti awalande mwamuna.

Lachisanu masana anali akusita m'chipinda chakuseri, ndipo mahang'ala anawathera. Ena anali pabalaza. Anali atavula mapatapata chifukwa cha kutentha, choncho anayenda osamveka. Atafika pakhomo la pabalaza, kanyimbo kaja kanali katangolira, ndipo anaima poona nkhope ya amuna awo chammbali.

Milomo inkayenda. Mayi wa pa kanema akati mitambo, milomo ya a Pamwamba inkatsekeka n'kutseguka pambuyo pake, mochedwa. Akati mvula, pankatuluka kamawu kotsika, mmm, mvu, kenaka n'kuthera panjira. Malovu ankatsika, iwo n'kupukuta ndi dzanja lamanzere, n'kuyesanso. Mayi uja sanaime kuti awadikire, sanawamvere chisoni, sanawombe m'manja. Anangomaliza zake, n'kunena kuti tionananso posachedwa, ndipo bambo aja anatsamira pampando akupuma ngati munthu amene watsika padenga.

Mayi Thovu anabwerera chambuyo, phazi ndi phazi, mpaka m'chipinda chositira. Anakhala pa mulu wa zovala za eni n'kulira mosatulutsa mawu. Apa ndi pamene anamvetsa. Amuna awo sanasiye kuyesa, anangosiya kuyesa pamaso pa anthu. Anapeza mphunzitsi amene sawaona, amene amabwereza mawu omwewo tsiku lonse osatopa, ndipo mawu akewo anali a ntchito yawo, osati a kapu ndi supuni. Kubwerabwera kumene iwo ankakudandaula kuja ndiko kunali mankhwala.

Mzime atabwera Loweruka ndi katoni yonyamulira kanema, mayi ake anamutsekereza pageti n'kumuuza zonse monong'ona. Mtsikanayo anafuna kuthamangira m'nyumba kukawakumbatira abambo ake, koma anagwidwa mkono.

"Ukangowauza kuti taona, asiya," anatero mayi Thovu. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bwerera ndi katoni yakoyo, ndipo ukalowa ukawapatse moni basi."

Kuyambira pamenepo mayi Thovu anadziwa nthawi za zanyengo kuposa eni ake a kanema. Kanyimbo kakayandikira ankapeza chochita panja, n'kutsegula mpopi mwamphamvu, kumenya thalauza pamwala, kuyimba nyimbo ngakhale mawu awo si oyimbira, kuti wa m'nyumbayo adziwe kuti ali yekha. Mapatapata sanawavulenso, ndipo polowa ankawakoka dala kuti amveke akadali kutali. Mlendo akabwera pa nthawi yolakwika ankamuchedwetsa pabwalo ndi nkhani zosatha. Magetsi akazima ankadandaula kuposa wina aliyense mumsewumo, a Telala n'kumadabwa kuti chikondi cha pa mkazi mnzawo chayamba liti. Miyezi inapita chomwecho, ndipo pamaso pawo a Pamwamba anali chete ngati kale.

Kenaka linafika tsiku la mabedishiti. Mwini resitihausi uja anabweretsa katundu wambiri, n'kunena mosabisa kuti madzulo akubwera alendo odzaza zipinda zonse, ndipo zinthu zikachedwanso apeza wochapa wina. Mayi Thovu analawirira. Dzuwa lisanafike pamutu zingwe zonse zinali zoyera, mabedishiti akudontha, kumwamba kuli mbee popanda ndi kamtambo komwe. Anakhala pakhonde lakuseri kuti awongole msana, manja atatupa ndi madzi. M'nyumba kanyimbo kanalira, koma iwo anali atatopa kwambiri moti sanadzuke kukapanga phokoso lawo lija. Anamva mayi uja akunena za mvula ya mabingu masana ano, ndipo anangoseka chamumtima.

Mawu a kanema anatsika mwadzidzidzi.

"Ma... mayi."

Mawuwo anali okhuthala, olemera, ngati otuluka pansi pa bulangete, koma anali mawu amene anawadziwa kuyambira ali mtsikana. Mayi Thovu sanatembenuke. Anaopa kuti akayang'ana, athawa.

"A... anu... anulani."

Anayang'ana kumwamba monga anachitira tsiku loyamba lija, ndipo dzuwa linali likuswa mtengo chimodzimodzi. Anayang'ana mabedishiti, amene anali asanakamuke n'komwe. Ankadziwa bwino lomwe kuti akawalowetsa m'nyumba sauma lero, ndipo mwini resitihausi sanali munthu wobwereza mawu. Anadzuka, napukuta manja pachitenje.

"Ndamva, bambo," anayankha. "Ndikuanula."

Anaanula zonse. Ankathothola mapegi n'kuwataya pansi, n'kunyamula nsalu zonyowa pamapewa, madzi akutsikira kumsana, misozi ikutsikira kumaso, osadziwika kuti chanyowetsa bulauzi n'chiti. A Telala anasuzumira pampanda n'kufunsa ngati mutu ukuyenda bwino, poti dzuwa lotere munthu amalipempha kwa Mulungu. Mayi Thovu anangoti amuna anga anena kuti ndianule. A Telala anatsegula pakamwa kuti aseke, kenaka anamva bwino zimene zanenedwa, ndipo anasiya makina, nazungulira mpanda, n'kuyamba kuthandiza kunyamula.

Mvula sinagwe. Sikunachite ngakhale mdima. Masana onse mabedishiti anali pa zingwe zimene anamanga m'nyumba, kuchokera pazenera kufika pachitseko, ena pamipando, ena pakabati, madzi akudonthera m'mabeseni ndi m'mapoto. Mayi Thovu anayesa kuumitsa ndi ayironi, koma anatha ochepa okha. Mwini resitihausi anabwera, anaona, sanafune kumva zifukwa, anasonkhanitsa katundu wake wonyowa n'kupita, ndipo sanabwerenso. Zinawapweteka, poti inali ntchito yodalirika, ndipo miyezi yotsatira anaimva. Koma walira mvula walira matope, ndipo iwo anali atalira kwa nthawi yaitali.

Madzulo a tsikulo anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi amuna awo, koyamba pa nthawi ya zanyengo. Mayi wa mpata kumano uja anabwera atasintha diresi, wopanda ndi manyazi omwe, n'kuyamba kunena za mawa ngati palibe chimene chachitika. A Pamwamba anayang'ana pazenera pamene dzuwa linkalowa kuli kouma, anayang'ana zingwe zopanda kanthu zimene zinadutsa pamwamba pa mitu yawo, kenaka analoza kanema ndi limoti. Anavutika nalo liwulo, koma linatuluka.

"Wa... wanama."

Theka la pakamwa pawo limene linali lamoyo linakwera m'mwamba. Kunali kumwetulira komwe kuja kwa pageti, kotsala mbali imodzi.

"Musamunyoze mkazi mnzanga," anatero mayi Thovu. "Inunso munkanama, munkangonamizira mphepo."

Anaseka onse awiri, wina mokweza, wina mobuula, mpaka Mzime amene ankalowa kumene pageti anathamanga poganiza kuti kwagwa zovuta.

Lero a Pamwamba amalankhula, ngakhale pang'onopang'ono, ndipo mawu ena amawasowabe. Padenga sadzakweranso. Amayenda ndi ndodo mpaka pakhomo lakuseri, ndipo m'mawa uliwonse amayamba aonera zanyengo, kenaka n'kukaima pakhomopo kuti aone ngati mayi uja wanena zoona. Nthawi zina amagwirizana naye, nthawi zina amamutsutsa, ndipo pa kuphonya awiriwa salekana kwenikweni. Mayi Thovu amamvera a pakhomo. Zovala za anthu zimanyowa apo ndi apo, eni ake amadandaula, koma ambiri amabwerabe.

Wina akabwera kudzatenga malaya ake n'kuyamba zoti zanyengo za pa kanema n'zachabechabe, zongobwerabwera ngati alibe china choonetsa, mayi Thovu amaimika ayironi n'kumuyang'ana.

"Za mvula sindingamuikire kumbuyo," amatero. "Koma tandiuzani, ndi mkazi mnzako uti amene amakubwezera mwamuna?"

Akatero amapinda malayawo n'kupereka kwa mwini wake. Ndipo kanyimbo kaja kakalira m'nyumba, amatsegulabe mpopi mwamphamvu, chifukwa pali mawu ena amene a Pamwamba akuphunzirabe.